Batire likutha galimoto ili chiimire: zolemba za ntchito pa Hilux yanga

Lolemba, 9 Juni 2025

Galimoto yakananso lero m'mawa. Ndinaiimika Lachinayi madzulo kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, itangobwera kuchokera ku Tsangano ili bwinobwino. Lero nditatembenuza kiyi, timagetsi ta pa dashibodi tinangoti zii ngati koloboyi wotha mafuta, sitata n'kungoti ke-ke-ke, basi. Matumba a kachewere ali pakhonde, mwini lole yopita ku Beira akuimba foni, ine ndili ndi sipanala m'manja kunja kukuzizira. Amene amadziwa Ulónguè mwezi wa Juni akudziwa chisanu chimene ndikunena.

Aka n'kachinayi chiyambire mwezi wa Epulo, ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti batire ili ndinaligula mu Malichi mommuno. Ndi N70, la 70Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga). Lakale litayamba kufooka sindinafunse munthu, ndinangoti lakalamba, n'kukatenga lina. Ndiye lakalambanso ili la miyezi itatu?

Ndayamba kuona kachitidwe kake. Galimoto ikamayenda tsiku ndi tsiku, palibe vuto. Ikagona usiku umodzi imadzuka. Ikagona masiku awiri imadzuka mokoka mwendo. Ikafika masiku atatu kapena anayi, ndiye mpaka ndikagogode kwa aneba kukabwereka majampa. Kukankha sikuthandiza kwenikweni, chifukwa iyi ndi Hilux ya dizilo ya 2008, injini yake imayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo batire likatheratu majekitala satsegula ngakhale mutaitsetsereka pa chitunda chotani.

Ndivomere chinthu chimodzi pano kuti chilembedwe. Ndamukalipira mwana wa mlongo wanga, amene amandithandiza kukweza ndi kutsitsa katundu. Ndamuuza kuti ndikudziwa zoti usiku amalowa m'galimoto kukamvera nyimbo ndi kutchaja mafoni a anzake. Anangoyankha kuti, "Amalume, makiyi mumagona nawo inu." Sindinamuyankhe. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, n'kulowa kukhitchini.

Aneba anabwera ndi majampa, tinaliza, katundu wapita. Pobwerera ndadutsa pa sitolo ya zida zamagetsi ndagula mita yoyezera magetsi, yachikasu ija yotsika mtengo imene okonza mafoni amakhala nayo. Batire ndalisiya kotchajitsa kuti ligone konko lidzaze. Lina sindigula mpaka nditadziwa kumene moto ukupita.

Lachiwiri, 10 Juni

Pali zinthu zitatu zimene zingachititse zimenezi, ndipo ndaganiza zozitenga chimodzichimodzi m'malo mothamangira zonse. Mwina batire lenilenilo silisunga moto. Mwina alitaneta, imene imatchaja batire injini ikulira, siikulidzaza. Kapena pali chinachake m'galimoto chimene chikumwa moto kiyi atazulidwa.

Ndinalitenga m'mawa, koma sindinaliyeze nthawi yomweyo. Batire longochoka pa tchaja limanama, limaonetsa nambala yokwera kuposa mphamvu yake yeniyeni, ndiye pamafunika kulisiya maola angapo likhazikike. Masana linaonetsa 12.7V. Kwa amene sanayezepo: batire lodzaza lopumula limakhala pa 12.6V kapena 12.7V. Likafika 12.4V latsala ndi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2V latsala theka, ndipo pa 12.0V muzidziwa kuti mwayandikira kukagogoda kwa aneba. Anthu ambiri akaona 12 amasangalala poganiza kuti batire la 12V lili bwino, pomwe lili pafupi kutha.

Ndinaliika, n'kuliza injini. Mita inakwera kufika 14.1V. Ndinayatsa magetsi akutsogolo ndi fani, inatsika pang'ono n'kukhala pa 13.9V. Alitaneta yabwino imapereka pakati pa 13.8V ndi 14.4V, ndiye ndinalemba m'kope kuti alitaneta ilibe mlandu. Mzere umenewu tidzabwererakonso.

Chimene sindinayembekezere ndi ichi. Pamwamba pa batire panali fumbi lonyowa, losakanikirana ndi asidi amene amatuluka m'timabowo ta zivundikiro. Ndinaika waya wakuda wa mita pa mutu wa negetivu, wofiira n'kumauyendetsa pa pulasitiki yakudayo osakhudza mutu winawo, ndipo mita inawerenga ma volt angapo. Kutanthauza kuti litsirolo lasanduka kanjira, moto ukuyenda pang'onopang'ono kuchoka mutu wina kupita mutu unzake. Si wambiri, sungaphe batire m'masiku atatu, koma ndinatsuka ndithu ndi madzi ofunda othira soda wophikira therere yemweyu, zivundikiro zili zotseka kuti sodayo asalowe m'kati, chifukwa akalowa amapha asidi. Mitu ndinaipala mpaka inawala.

M'zipinda ziwiri madzi anali atatsika pafupi ndi mbale, zitsulo za m'kati mwa batire zimene zimasunga moto. Ndinathira madzi a batire a m'botolo, osati a pa mjigo. Kuuma kumeneku ndi mphatso ya maulendo a ku Tete. Ife kumtunda kuno timadandaula chisanu, koma chimene chimadya batire ndi kutentha kwa kuchigwa kuja, kumene mu Okutobala kumapitirira 40°C, ndipo pansi pa boneti kumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Kutentha kumaumitsa madzi ndi kudya mbale, chisanu chimangobwera kudzaulula.

Madzulo ndachotsa mutu wa negetivu. Batire likhala lokha, losalumikizidwa, mpaka Lachisanu. Ngati ndi lobooka m'kati, litsika lokha.

Lachisanu, 13 Juni

12.6V patatha masiku atatu. Batire likusunga. Ndalumikiza, galimoto yalira kamodzi kokha. Choncho wakuba ali m'galimoto momwemo, ndipo lakale lija mwina ndinalitaya lilibe mlandu. Izi ndizisiye kaye, zikundipweteka mutu.

Pakadali pano usiku uliwonse ndizichotsa mutu wa negetivu. Sipanala ya 10 ikugona pa mpando.

Loweruka, 14 Juni

Lero linali tsiku loyeza moto umene ukutuluka galimoto itazimitsidwa. Poyeza ma volt mita imangogunda mitu iwiri ya batire, koma poyeza ma amp iyenera kukhala pakati pa njira, kuti moto wonse udutse mwa iyo. Ndiye umachotsa chingwe cha negetivu pa batire, waya umodzi wa mita n'kuuika pa mutu wa batire, winawo pa chingwe chimene wachotsacho.

Ndinalakwitsa poyamba, ndipo ndilemba kuti wina asabwereze. Mita iyi ili ndi mabowo atatu. Waya wofiira ndinausiya pa bowo la mA, limene limangolola 200mA. Nditalumikiza, mita inaonetsa ziro. Ndinaimirira n'kuitana mphwanga kuti aone zoti galimoto ilibe vuto. Iye anasuzumira m'kati n'kunena kuti, "Amalume, koma wotchi ya m'galimoto yazima." Ndi pamene ndinazindikira kuti ziroyo sikuti moto sukutuluka, koma kafyuzi ka m'kati mwa mita kapsa ndipo njira yaduka. Mwamwayi bowo la 10A limayenda palokha. Ndinasamutsira waya kumeneko.

Pa bowo la 10A pali malamulo awiri amene sindikufuna kuiwala. Osatembenuza kiyi mita ili pakati. Mahita a dizilo okha, timapulagi totenthetsa injini isanalire, amakoka ma amp ochuluka kuposa amene mita ingapirire, osanena za sitata imene imakoka mazanamazana. Ndipo ukamaliza, bweza waya wofiira ku bowo la ma volt usanagundenso mitu iwiri ya batire, apo ayi mitayo imasanduka waya wolumikiza pozitivu ndi negetivu. Makiyi ndinawapereka kwa mayi a kunyumba kuti asunge, ndikudzidziwa.

Chitseko cha dalaivala chimafunika chikhale chotsegula kuti ndizifikira mafyuzi a m'kati, koma chikatseguka getsi la kudenga limayaka n'kusokoneza nambala. Ndinakanikiza kabatani ka pa felemu ya chitseko ndi kathabwa, n'kumanga ndi tepi, galimoto n'kumaganiza kuti chatsekedwa. Kenaka kudikira. Galimoto za kompyuta sizigona nthawi yomweyo ukazula kiyi kapena ukangolumikiza batire, timabokosi take timakhala maso kwa kanthawi. Zatsopano kwambiri zimatha kutenga theka la ola kapena kuposa. Yanga ndi yachikale, koma ndinaipatsa mphindi 30 ndithu, ndikumwa tiyi.

Inayamba pa 0.55A, n'kutsika, n'kuima pa 0.38A. Sinasunthenso.

Galimoto yabwino itagona iyenera kukoka osapitirira 0.05A, kongosungira wotchi, mawayilesi amene unasunga ndi kukumbukira kwa kompyuta. Yanga ikukoka pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa pamenepo. Ndinachita masamu pa katoni: 0.38 kuchulukitsa ndi maola 24 ndi 9Ah pa tsiku. Kuchoka Lachinayi madzulo kufika Lolemba m'mawa ndi maola 84, zomwe ndi pafupifupi 32Ah. Pafupifupi theka la batire la 70Ah, ndipo apo tikuyesa kuti linali lodzaza poimika, chomwe sichichitika ukamayenda timaulendo tam'tauni. Wonjezerani mafuta a injini olimba ndi chisanu ndi mahita amene ayenera kudya kaye sitata isanagwire. Nkhani ya Lolemba ija yamveka.

Lolemba, 16 Juni

Tagawana ntchito. Mphwanga waima kutsogolo maso pa mita, ine ndikuzula mafyuzi imodziimodzi, iye n'kumatchula nambala. Ndisanayambe ndinajambula mabokosi onse awiri ndi foni, la pansi pa boneti ndi la m'kati, chifukwa fyuzi ya 7.5A ikalowa pa malo a 15A udzavutika mtsogolo osadziwa chifukwa. Iliyonse ndimaibweza ndisanazule inzake.

"0.38, amalume." Kuzula ina. "0.38." Mpaka ndinayamba kukayika ngati akuyang'anadi. Kenaka nditazula yolembedwa DOME anakuwa kuti, "Yatsika! 0.26!"

Pa Toyota fyuzi imeneyi siyang'anira getsi la kudenga lokha, pamakhalanso wotchi ndi waya wosungira kukumbukira kwa wailesi. Ndinaibweza, n'kuchotsa babu la kudenga. Palibe kusintha. Ndiye ndinamasula wailesi, imene si ya Toyota, ndi yogula padera, n'kuikoka ndi mawaya ake.

Mawayilesi ogula paderawa amakhala ndi mawaya awiri a moto. Wachikasu umalandira moto nthawi zonse, ntchito yake ndi kukumbukira basi, ndipo umakoka pang'ono zedi. Wofiira uyenera kulandira moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, ndiwo umauza wailesi kuti idzuke kapena igone. Kumbuyo kwa yanga, wofiira ndi wachikasu anali opiringizidwa pamodzi pa waya wa moto wa nthawi zonse. Ukadina batani lozimitsa, galasi limada, koma m'kati imakhala ili maso usiku wonse.

Ndinayamba kutukwana amene anachita zimenezi, mpaka nditayang'anitsitsa tepi yomangira. Ndi yobiriwira. Ndi yanga, yotsala ili m'kabati mpaka lero. Chaka chatha ndinakhala nthawi yaitali pa mzere pa chipata cha Calómuè, mpira ukuulutsidwa pa wailesi ina ya ku Malawi, ndipo ndinatopa ndi kusiya kiyi pa ACC, malo a kiyi amene amayatsa wailesi injini isakulira. Nditafika kunyumba ndinalumikiza mawayawo kuti wailesi iziyaka popanda kiyi, ndinadzitama kuti ndine katswiri, n'kuiwala.

Mphwanga anaiona tepiyo. Sananene kanthu, koma anapita kuseri kwa galimoto ndipo mapewa ake amagwedera.

Ndalekanitsa, wofiira ndaubwezera pa waya wa ACC. Nambala tsopano ndi 0.27A. Wailesi imadya 0.11A, zomwe pazokha zikanafuna masabata kuti zigwetse batire, n'chifukwa chake chaka chatha sindinaone vuto. Wakuba wamng'ono wagwidwa. Koma tinapitiriza kuzula mafyuzi onse otsala, ndi ma relay omwe, ndipo 0.27A sinasunthe ngakhale pang'ono. Kunada tili pomwepo.

Lachinayi, 19 Juni

Masiku awiri ndinali ku Tsangano. Lero ndabwereranso pa nkhaniyi.

Ngati wazula fyuzi iliyonse yozuka koma moto ukutulukabe, ndiye ukudutsa njira imene ilibe fyuzi yozuka. Ndinayamba ndi mutu wa pozitivu, kumene anthu amakonda kupachika mawaya awo. Pali umodzi wopita ku magetsi owonjezera a kutsogolo amene mwini wake woyamba anaika. Ndinauchotsa. 0.27A. Wina palibe.

Masana ndinapita kwa amesitiri amene amakonza zamagetsi a galimoto, bambo wachikulire amene ofisina yake ndi kashedi ka malata, masitata ndi maalitaneta akufa ali mulu pakona. Ndinawafotokozera zonse, ndi kope langa m'manja. Anawerenga mpaka pa mzere wa pa 10 Juni n'kuloza ndi chala chakuda ndi girizi.

"Apa mwalemba kuti alitaneta ilibe mlandu. Mwaifunsa funso limodzi lokha, bambo. Mwaifunsa ngati ikupereka. Simunaifunse ngati ikubweza."

Anandifotokozera, ndipo ndilemba mmene ndamvera. Alitaneta imapanga moto wosinthasintha mbali, pomwe batire limafuna woyenda mbali imodzi. Kumbuyo kwake kuli mbale yokhala ndi madayodi, osachepera asanu ndi limodzi, atatu mbali ya pozitivu ndi atatu mbali ya negetivu. Dayodi ili ngati mono wa nsomba, cholowa chimalowa koma sichibwerera. Waya wonenepa wochoka kumbuyo kwa alitaneta kupita ku batire umakhala ndi moto usana ndi usiku, kiyi alipo kapena palibe, ndipo chimene chimaletsa moto wa batire kubwerera mu alitaneta injini itazima ndi madayodiwo basi. Akayamba kudontha, moto umabwerera n'kukathera ku bodi. Otsalawo amagwirabe ntchito, ndiye poyenda mita imakuonetsa 14V yake bwinobwino. Waya umenewu uli ndi fyuzi yaikulu yomangidwa ndi mabawuti, si ija yozula ndi zala, n'chifukwa chake Lolemba sitinaikhudze.

Anati ena amagwira alitaneta m'mawa injini isanalire, ikakhala yofunda ndiye yagwidwa. Koma 0.24A ndi yochepa, siingafunditse chitsulo chonse chija m'chisanu cha kuno. Njira yotsimikiza ndi kuichotsa pa mzere.

Nditafika kunyumba ndinachotsa kaye negetivu, ndipo apa musachite chidule, chifukwa sipanala ikagunda nati ya waya umenewu ndi bodi nthawi imodzi batire lili lolumikizidwa, imawotcherera pomwepo ndipo chala chimapsa. Ndinamasula natiyo, waya ndinaukulunga ndi chidutswa cha chubu kuti usakhudze chitsulo, n'kubwezera mita pakati. Tinadikira kuti galimoto igone.

0.03A.

Ndinabwezera waya, 0.27A. Ndinachotsanso, 0.03A. Ndinachita katatu, osati chifukwa chokayika, koma zimandikomera kuona.

Loweruka, 21 Juni

Tamasula alitaneta n'kupita nayo kwa amesitiri. Anachotsa chivundikiro chakumbuyo, n'kumasula mbale ya madayodi kuti ayeze iliyonse payokha. Pa mita pali malo a chizindikiro cha kamuvi kogunda mzere. Dayodi yabwino imaonetsa pafupifupi 0.5 mbali imodzi, ukatembenuza mawaya siionetsa kanthu. Awiri anaonetsa nambala mbali zonse, imodzi ya ku pozitivu ndi inzake ya ku negetivu. Njira yobwerera inali yotseguka kuyambira ku batire mpaka ku bodi. Mabulashi akadali aatali, mabering sakulira, makoyilo sanapse. Mbale yokha ndiyo yofunika kusintha.

Anandifunsa mafunso atatu. Kodi munthu anayamba walumikizapo majampa mosemphanitsa? Ayi, amenewo ndimalumikiza ndekha. Kodi munachotsapo mutu wa batire injini ikulira kuti muone ngati alitaneta ikutchaja? Ndinakhala chete. Tonse timachita zimenezi, tinaphunzira kwa akuluakulu a nthawi ya madayinamo, injini ikapanda kuzima timati ili bwino. Anati batire ndilo limameza kulumpha kwa moto, ndiye ukalichotsa injini ikulira, ma volt amalumpha n'kumenya madayodi, ndipo pa galimoto ya kompyuta ukhoza kuwotcha zodula kuposa pamenepo. Lachitatu: kodi galimoto inawotchereredwapo posachedwa?

Mu Febuluwale ndinawotcheretsa zitsulo za kumbuyo kuti ndizisanja matumba ambiri. Batire silinachotsedwe, ndipo waya wa ethi wa makina owotcherera anaukanikiza kutsogolo, kutali ndi pamene amawotcherapo, ndiye moto wonse uja unayenda m'galimoto yonse kufunafuna njira. Batire lakale linayamba kufa mu Malichi. Ine ndikuloza kumeneko, ngakhale kuti mutu wa batire ndinauchotsadi injini ikulira, ndipo ndinachita zimenezo mu Malichi momwemo pofuna kudziwa chimene chavuta.

Mbale yotere kuno kulibe. Pa mulu wawo pali ya Hilux yakale ya injini ya 3L, koma siikwana. Alitaneta taibwezera mmene ilili popeza ikutchaja, ndipita nayo ku Tete. Nambala ya pa chikwangwani chake ndajambula, pamodzi ndi mbaleyo mbali zonse.

Lachitatu, 25 Juni

Ndinakonza zonyamuka lero, mpaka mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti ndi tsiku la ufulu, ndipo chaka chino akwana 50 chichokereni 1975. Masitolo a zida sangatsegule. Takweza matumba madzulo, sipanala ya 10 yagwiranso ntchito yake ya usiku.

Lachinayi, 26 Juni

Tinanyamuka kusanache, titavala majekete. Pofika pa Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, jekete linali kale kumbuyo kwa mpando. Moatize ndi fumbi lake la malasha, kenaka Zambezi, tinaolokera pa mlatho wa Samora Machel popeza malole olemera masiku ano amadzera wa Kassuende. Kachewere tinatsitsa ku msika wa Kwachena.

Kufuna mbale kunatenga nthawi kuposa kugulitsa katundu. Ku Tete Chichewa amamva, koma zida za galimoto zimaitanidwa m'Chipwitikizi, ndipo ukanena kuti placa de díodos ndi pamene wogulitsa amadzuka pa mpando. Sitolo yoyamba anati alibe, koma ali ndi alitaneta yathunthu. Yachiwiri chimodzimodzi, ndipo mnyamata wa pamenepo anandilangiza kuti vuto langa likumveka ngati la batire, ali nalo labwino. Ndinamuonetsa kope. Yachitatu anatulutsa mbale ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana mabowo a mabawuti, ndipo chithunzi cha pa foni ndicho chinandipulumutsa. Ndinapempha kuti ndiyeze madayodi ake ndi mita yanga ndisanalipire. Anadabwa, koma analola. Onse anali bwino.

Mtengo wake sunafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zimene ndinapereka pa batire la mu Malichi. Ndinagulanso kafyuzi ka mita kaja.

Pobwerera, titadutsa Moatize, ndinaima pamene amagulitsa nyama ya mbuzi yootcha n'kumugulira mphwanga. Ndinamuuza kuti za mafoni zija ndinalakwa. Anati, "Palibe kanthu, amalume." Atatafuna kwa kanthawi anawonjeza kuti, "Koma tepi yobiriwira ija ndiwauza amayi." Mlongo wangayo akamva, nkhaniyi ifika ku maliro ndi ku maukwati onse a chaka chino.

Loweruka, 28 Juni

Amesitiri aika mbale yatsopano. Tabwezera alitaneta, lamba tamukoka bwino. Injini ikulira, 14.2V. Itazima n'kugona, 0.03A, zonse zili zolumikizidwa, wailesi ndi magetsi owonjezera omwe. Pa tsiku ndi 0.7Ah, kuchoka pa 9Ah.

Anayezanso asidi wa m'zipinda zisanu ndi chimodzi za batire ndi kachubu kagalasi koyandamitsa kaja. Lodzaza bwino limaonetsa cha m'ma 1.265. Zisanu zinali pafupi ndi pamenepo, chimodzi chinatsalira m'mbuyo moonekeratu. Anati n'zosadabwitsa. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi n'kudzazidwanso msanga, osati kukhuthulidwa mpaka pansi. Likakhala lopanda moto, pa mbale zake pamamera zoyera zolimba zimene sizisungunukanso zonse potchaja, ndipo ulendo uliwonse limataya kagawo ka mphamvu yake. Langa lagwa kanayi m'miyezi itatu. Anati ndilitchajitse pang'onopang'ono usiku wonse, likhoza kubwererako pang'ono, koma ndisayembekezere kuti likhala zaka zimene likanakhala.

Ndalitchajitsa. Galimoto ndiimika mpaka Lachinayi osachotsa mutu uliwonse, ndipo makiyi ali kwa mayi a kunyumba.

Lachinayi, 3 Julayi

Masiku asanu chiimire, udzu wa panja uli mbuu ndi chisanu. Ndisanakhudze kiyi ndinayeza: 12.5V. Getsi la mahita linazima, ndinatembenuza, inalira kamodzi.

Batire lakale lija ndinapereka kwa apongozi kumudzi, ndipo ndamva kuti likuyatsa mababu atatu ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse pa sola. Kuyatsa mababu si kuliza dizilo, ndiye sindinganene kuti linali langwiro, koma ndikapitako ndipita ndi mita. Kulitenganso ndiye ayi, munthu salanda apongozi batire.

Zotsala: waya wa magetsi owonjezera uja ndapeza kuti ulibe fyuzi pafupi ndi batire, ndipo ukukhuzana ndi chitsulo pamene ukudutsa pafupi ndi rediyeta. Umenewo ndikonza Loweruka tisanapite ku Tsangano. Chipinda chofooka chija tidzachiyezanso kumapeto kwa mwezi.